Kodi Kawailesi ka Memori Khadi Kakali ndi Malo m'Nyengo ya Foni Zamakono?

Pa 10 Meyi 2022, kampani ya Apple ya ku America inalengeza kuti yaleka kupanga iPod, kacipangizo koimbira nyimbo kamene kanachuka pa dziko lonse kwa zaka zoposa 20. Manyuzipepala ambiri a ku Ulaya ndi ku America analemba kuti nyengo ya zipangizo za m'thumba zongoimba nyimbo yatha, popeza nchito yonseyo yatengedwa ndi foni yamakono.

Koma munthu amene angayende pa msika wa m'tauni ya Lundazi, m'Cigawo ca Kum'mawa, makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, adzaona zosiyana. Pa matebulo a ogulitsa matoci, mabatire ndi machaja pamakhalanso timawailesi ting'onoting'ono tokhala ndi kabowo kolowetsapo memori khadi kapena fulashi. Timawailesiti timamveka pa njinga za alimi opita kukagulitsa nshawa ndi soya, pa khonde la telala, m'madimba ndiponso pa zigayo. Ku Lundazi coimbira nyimbo ca m'manja sicinafe. Cinangosintha maonekedwe, ndipo zifukwa zake n'zokhudza malaiti, netiweki, ndalama ndi mwambo womvera zinthu pamodzi.

Kucokera pa Saucepan kufika pa iPod

M'dziko muno nkhani ya cipangizo cochipa comvera nyimbo kumudzi ndi yakale kuposa Walkman kapena iPod. Kuulutsa mau pa wailesi kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941. Vuto linali lakuti anthu akuda ambiri sakanatha kugula wailesi, ndipo m'midzi munalibe malaiti. A Harry Franklin, amene anali mkulu woona za zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anakopa kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yochipa yoyendera batire. Wailesiyo inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo inachedwa Saucepan Special cifukwa inali kuoneka monga poto wophikira. Kupyolera mwa iyo, mau ndi nyimbo za a Alick Nkhata ndi anzao a pa Central African Broadcasting Station zinalowa m'midzi ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland.

Wailesi inali ndi malire ake: womvera sanali kusankha nyimbo. Ufulu wosankha unadza ndi kaseti, imene kampani ya Philips ya ku Netherlands inaonetsa koyamba mu 1963. Pa 1 Julayi 1979 kampani ya Sony ya ku Japan inayamba kugulitsa Walkman, kamakina koimba kaseti komvera m'makutu. Ma CD anafika mu 1982, ndipo mu 1984 Sony inatulutsanso kamakina konyamula m'manja koimba ma CD.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi MP3, njira yocepetsera kukula kwa nyimbo yosungidwa mu kompyuta popanda kuononga kwambiri kamvekedwe kake. Njirayi inakonzedwa makamaka ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany, pakati pao a Karlheinz Brandenburg, ndipo dzina lakuti mp3 linasankhidwa mu 1995. Mu 1998 kampani ya SaeHan ya ku South Korea inatulutsa MPMan, kamodzi mwa timakina toyamba ta MP3, kamene kanali kusunga nyimbo zosakwana 10. Pa 23 Okutobala 2001 Apple inaonetsa iPod yoyamba, yosunga nyimbo 1,000. Patangopita zaka zisanu ndi cimodzi, mu 2007, kampani yomweyo inatulutsa iPhone, ndipo kuyambira pamenepo malonda a zoimbira nyimbo zapadera anayamba kufooka m'maiko olemera. Sony inaleka kupanga Walkman ya kaseti ku Japan mu 2010, ngakhale kuti dzinali likali pa timakina tamakono todula timene amagula okonda kamvekedwe kapamwamba.

Njira imene Lundazi inayenda

Walkman ndi iPod sizinakhalepo katundu wa munthu wamba ku Lundazi. Cimene cinalamulira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 cinali wailesi ya kaseti yodya mabatire akuluakulu, imene mwini wake anali kuinyamula pa phewa kapena kuimangirira pa njinga. Pamene mbale za galamafoni za makampani a ku Ndola monga Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour zinayamba kusowa, kaseti ndiyo inasunga nyimbo za a Paul Ngozi, a P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge m'nyumba za anthu. Popeza boma la Lundazi lili m'malire ndi dziko la Malawi, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula Citumbuka ndi Cicewa, makaseti a Alleluya Band, a Lucius Banda ndi a Wambali Mkandawire anali kuoloka malire mosavuta monga mmene acibale amaolokera pokaona anzao. Amene anakula m'zaka zimenezo akumbukira mmene anali kubwezera tepi ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire.

Ma CD sanakhalitse m'midzi, cifukwa fumbi ndi zokanda zinali kuwaononga msanga, ndiponso makina ake anali kudumpha nyimbo akagwedezeka. Cimene cinalowa m'malo mwa kaseti ndi memori khadi yaing'ono kuposa cikhadabo, ya mtundu wa microSD, imene inayamba kugulitsidwa ndi dzina limeneli mu 2005. Mafakitale a ku China anaphatikiza zinthu zingapo m'kabokosi kamodzi: wailesi ya FM, sipika, kabowo ka khadi ndi ka fulashi, toci, ndi batire yochaja. Tambiri timagwiritsa nchito batire ya mtundu wa BL-5C, yofanana ndi ya mafoni akale a Nokia, imene imapezeka pafupifupi pa msika ulionse. Tina tili ndi kasola kumsana kwake, ndipo tatsopano tili ndi Bluetooth.

Nyimbo zimalowa mu khadi kudzera mwa anyamata okhala ndi kompyuta m'tumashopu ta pa msika. Munthu amapereka khadi yake ndi ndalama pang'ono, n'kuchula zimene afuna: nyimbo za kwaya, kalindula, za ku Malawi, rhumba ya ku Congo, maulaliki kapena zisudzo. Nyimbo ya MP3 ya mphindi zinai imatenga malo okwana pafupifupi ma MB 4, kotero khadi ya 4 GB ingasunge nyimbo pafupifupi 1,000, ciwerengero cofanana ndi ca iPod yoyamba ija.

Malaiti ndi batire

Cifukwa coyamba cimene kawailesika kakali ndi malo ndi mphamvu ya malaiti. Kwa zaka zambiri tauni ya Lundazi inali kudalira malaiti ocokera ku kampani ya ESCOM ya ku Malawi, kufikira pamene ZESCO inamanga mzere wa mawaya a 132 kV wa Chipata, Lundazi ndi Chama. Ngakhale tero, midzi yambiri ya m'madera a Mfumu Yaikulu Mwase, Mfumu Kapichila ndi Mfumu Mphamba, pamodzi ndi ya m'maboma a Lumezi ndi Chasefu amene anapatulidwa ku Lundazi mu 2018, ili kutali ndi mawaya. Kumeneko kuchaja foni kumafuna sola ya pa nyumba, kapena ulendo wopita pa kantini pamene munthu amalipira.

Foni yamakono imadya batire kwambiri cifukwa ca galasi lake lalikulu lowala, mapulogalamu amene amagwirabe nchito ngakhale mwini asakuigwira, ndiponso kufunafuna netiweki. Kumene netiweki ili yofooka, foni imagwiritsa nchito mphamvu zoculuka poyesa kulumikizana ndi nsanja. Kawailesi ka khadi kalibe zonsezi, ndipo mphamvu yake yonse imapita ku sipika. Mlimi amene waimba nyimbo pa foni kuyambira m'mawa kumunda angapeze kuti madzulo foni yazima pa nthawi imene afuna kuitana galimoto yopereka wodwala ku cipatala.

Anthu a m'matauni nawonso anaphunzira phunziroli mu 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a mu Kariba atacepa, kuzima kwa malaiti kunafika pa maola 21 pa tsiku m'madera ambiri pofika mu Seputembala. M'miyezi imeneyo batire ya foni inakhala cinthu cosunga mosamala monga ufa wa m'nyengo ya njala, ndipo wailesi yaing'ono ya sola inabwerera pa tebulo.

Netiweki ndi mtengo wa bandulo

Cifukwa caciwiri ndi intaneti. Amene amanena kuti foni yalowa m'malo mwa zonse amaganiza za munthu womvera nyimbo mwacindunji pa intaneti, kudzera pa Spotify, imene inafika m'Zambia mu 2021, kapena pa Boomplay ndi YouTube. Koma kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa mu 2022 anapeza kuti munthu mmodzi cabe mwa anai alionse m'dziko muno ndiye anali atagwiritsapo nchito intaneti, ndipo pakati pa anthu okhala ndi foni, okhala ndi foni yamakono anali oposa pang'ono mmodzi mwa atatu. M'madera a kumidzi ziwerengerozi zinali zotsika kuposa za m'matauni.

Masamu ake ngosavuta. Kumvera nyimbo pa intaneti pa kamvekedwe kofanana ndi ka MP3 wamba kumadya pafupifupi ma MB 60 pa ola. Munthu womvera maola atatu tsiku lililonse angathe bandulo yoposa 5 GB pa mwezi, ndipo mwezi ukatha satsala ndi nyimbo ngakhale imodzi. Nyimbo ya pa khadi imalipiridwa kamodzi, n'kuimbidwa kufikira khadiyo itaonongeka, kaya kuli netiweki kaya kulibe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Kwa munthu wa ku cigwa ca Luangwa, kumene netiweki imapezeka pa culu kapena pansi pa mtengo wodziwika, nyimbo ya pa intaneti ndi fodya wa pacala.

Foni ndi thumba la ndalama, wailesi ndi ya onse

Cifukwa cacitatu n'cakuti foni yasenza maudindo ambiri. Mu foni ndimo mumalowa ndalama zotumizidwa ndi ana okhala ku Lusaka kapena ku Copperbelt kudzera pa Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel. Mu foni ndimo mumafika mauthenga okhudza feteleza ndi mbeu. Cinthu cotere munthu sacisiya pa mzere kumunda, sacibwereketsa kwa ana, ndipo saciika pa mpanda wa bafa. Kawailesi kakagwa m'madzi kapena kubedwa, cotayika n'cocepa.

Ndiponso m'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ndipo imayenda ndi mwini wake. Bambo akapita ku boma ndi foni m'thumba, mai ndi ana otsala pa nyumba amakhala ndi kawailesi. Okalamba ndi amene maso ao saona bwino amakakonda cifukwa kali ndi mabatani ogwirika ndi cala, osafuna kuwerenga Cingerezi pa galasi.

Pali kusiyana kwina kozama. Walkman ndi iPod zinapangidwira munthu mmodzi wotseka makutu ake kuti asamve za ena. Kawailesi ka ku Lundazi kali ndi sipika, ndipo kamaimbira gulu: anthu otong'ola cimanga, azimai osenda nshawa, kwaya yophunzira nyimbo yatsopano ya pa Sabata. Batani limodzi limacotsa womvera pa khadi n'kumupititsa ku Radio Chikaya ya ku Lundazi komweko, ku Breeze FM ya ku Chipata imene inakhazikitsidwa ndi a Mike Daka mu 2002, kapena ku Radio Maria, kuti amve nkhani, mauthenga a maliro ndi mitengo ya mbeu. Mafoni ena amakono odula alibe n'komwe wailesi ya FM.

Nchito zoposa nyimbo

Cipangizo cosunga mau cagwiranso nchito pa ulimi ndi maphunziro. Bungwe la COMACO, limene linayamba nchito zake m'cigwa ca Luangwa mu 2003 ndipo lili ndi malo ake ku Lundazi, lakhala likuphunzitsa alimi kudzera m'pulogalamu ya Farm Talk pa Breeze FM. Magulu a alimi analandira mawailesi a sola ndi opukusa ndi dzanja ocokera ku bungwe la Lifeline Energy. Mu 2010 bungwe limeneli linatulutsa Lifeplayer, wailesi yokhoza kuimba MP3 ndi kujambula pulogalamu pamene ikuulutsidwa. Ubwino wake ngwoonekeratu: pulogalamu ikaulutsidwa anthu ali kumunda kapena ku maliro, gulu lingaimvere tsiku lina, n'kubwereza pamene silinamvetse.

Maphunziro a pa wailesi a Learning at Taonga Market, amene Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa mu 2000 pothandiza ana a m'masukulu a m'midzi, anakumana ndi vuto lofanana, la madera amene wailesi simveka bwino ndi nthawi imene siigwirizana ndi ya kalasi. Phunziro losungidwa pa khadi silidikira woulutsa. Machalichi nawo amagwiritsa nchito timakina ta sola tosunga Baibulo lowerengedwa mokweza, pothandiza akhungu ndi osadziwa kuwerenga.

Pamene foni ipambana

Sikungakhale kulungama kubisa mphamvu za foni. Acinyamata a m'tauni ya Lundazi amene ali ndi foni zamakono amalandira nyimbo yatsopano pa WhatsApp tsiku lomwe yatuluka, amaonera mavidiyo ake, ndipo amagawana nyimbo popanda bandulo pogwiritsa nchito Bluetooth kapena Xender. Woimba wacinyamata angajambule nyimbo yake ndi kuitumiza kwa anthu a ku Johannesburg osakwera basi. Kawailesi sikangacite zimenezi.

Mpikisano waukulu wa kawailesika ndi foni ya mabatani ya itel kapena Tecno, imene ili ndi wailesi ya FM, kabowo ka memori khadi, toci ndi batire yokhala masiku angapo. Kwa munthu mmodzi, foni yotere imakwanitsa zambiri. Cimene imalephera ndi kukula kwa mau ndi kutsala pa nyumba mwini wake akacoka. Kawirikawiri zipangizozi zimathandizana: khadi imodzi imacoka mu foni n'kulowa mu wailesi, ndipo wailesi ya Bluetooth imakhala sipika ya foni.

Amene amaluza ndi woimba

Malonda oika nyimbo m'makhadi ali ndi mbali yowawa. Ndalama imene wogula amapereka pa shopu imathera pomwepo, ndipo wopeka nyimbo salandirapo ngwee. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, limene linakonzedwanso mu 2010, limaletsa kukopera ndi kugulitsa nyimbo popanda cilolezo ca mwini wake, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo limatolera ndalama za opeka nyimbo. Mu 2013 boma linayambitsa cidindo conyezimira ca hologram comata pa ma CD ndi ma DVD enieni. Koma pamene cidindoco cinali kufika, nyimbo zinali zitasamukira kale m'makhadi, mmene mulibe pomata cidindo.

Oimba ena amaona khadi monga njira yodzichukitsira kuti aitanidwe pa maukwati ndi pa zisangalalo. Komabe kwaya ya kumudzi imene yasonkha ndalama kwa caka cathunthu kuti ikajambule nyimbo ku Chipata imataya zambiri ngati kope limodzi logulidwa lasanduka makope mazana pa sabata imodzi. Womvera wofuna kuti nyimbo za m'Citumbuka ndi m'Cicewa zipitirire kujambulidwa angathandize pogula kwa oimba eni ake pamene mpata ulipo.

Nyimbo zimene zingatayike

Vuto lina ndi la kusunga. Nyimbo za oimba ochuka zimapezeka pa intaneti, koma nyimbo za kwaya ya pa mpingo wa kumudzi, ng'oma za vimbuza, nyimbo za Gule Wamkulu, za pa mtondo ndi za pa mwambo wa Kulonga kwa Mfumu Mphamba kapena wa Zengani kwa Mfumu Yaikulu Magodi, nthawi zambiri zimakhala pa kaseti imodzi kapena khadi imodzi m'nyumba ya munthu. Bungwe la UNESCO linazindikira vimbuza ndi Gule Wamkulu mu 2005 monga cuma ca mtundu wa anthu, koma kuzindikirako sikupulumutsa tepi imene ikudyedwa ndi cinyezi m'sutukesi.

Nyimbo zimene a Hugh Tracey anajambula m'maiko ano m'zaka za m'ma 1950 zikalipo cifukwa zinasungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Memori khadi ilibe citetezo cotero. Imatha kufa mwadzidzidzi, kutenga vairasi pa kompyuta ya pa shopu, kapena kugwera mu mcenga osaonekanso. Pa misika pamapezekanso makhadi acinyengo olembedwa kukula kumene alibe, amene amaononga nyimbo akangodzala. Wokhala ndi mau a agogo ake kapena nyimbo za mpingo wake ayenera kuzikopera m'malo awiri kapena atatu, ndipo wokhala ndi makaseti akale ayenera kuwasamutsira pa kompyuta makina oimbira kaseti asanasoweretu.

Zoyenera kusamala

Ogwiritsa nchito mahedifoni, kaya pa foni kaya pa coimbira nyimbo, ayenera kusamala makutu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likucenjeza kuti acinyamata oposa 1 biliyoni ali pa ciopsezo ca kugontha cifukwa ca phokoso, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mau a mphamvu ya madesibelo 80. Ngati munthu amene ali pafupi nanu afunika kufuula kuti mumumve, ndiye kuti mau akwera mopitirira. Batire yotupa iyenera kucotsedwa msanga, ndipo isaponyedwe pa moto kapena kusiyidwa poseweretsa ana. Pogula khadi, ndi bwino kuiyesa pa shopu pomwepo poimba nyimbo zoyambirira ndi zomalizira.

Nsanja za netiweki zikamaculuka, bandulo ikamachipa ndiponso malaiti akamafika m'midzi, malo a kawailesi ka khadi adzacepa, monga mmene anacepera a Saucepan Special ndi a wailesi ya kaseti. Kufikira nthawi imeneyo, funso limene banja la ku Lundazi limadzifunsa pogula ndi lofanana ndi la mu 1949: kodi cipangizoci tingacikwanitse, kodi batire yake idzafika madzulo, ndipo kodi tonse pa khomo pano tidzamva?